Dzina Linatsala mu Indekisi

1. Lamulo la a Magalasi

Dzina lake lenileni anthu a mu ofesiyo analiiwala kalekale. Onse ankangomutchula kuti Naphuma, ndipo sankamunamizira. Mtsikanayu ankalowa asanagogode, ankayankha funso lisanathe, ndipo tiyi ankamumwa ali wotentha mpaka kupsa lilime. Koma mutu unalipo. Atamaliza sekondale anaphunzira za makompyuta kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kupeza ntchito mu ofesi ina yaing'ono ya pamwamba pa sitolo ya utoto.

Ofesiyo inali ndi pulogalamu ya pa intaneti yothandiza anthu kupeza amisiri. Munthu akafuna kalipentala, telala kapena wokonza mipope, ankalemba m'kabokosi kofufuzira pa foni yake. Nthawi yomweyo pankatuluka mayina, manambala a foni ndi malo amene amisiriwo amapezeka.

Ntchito ya Naphuma inali yolowetsa amisiri atsopano ndi kukonza zolakwika. Kuchotsa munthu sankaloledwa. Zimenezo zinali m'manja mwa a Magalasi, bambo wa imvi amene anapanga pulogalamuyo. Magalasi awo ankakhala kumapeto kwa mphuno, ndipo akakuyang'anira pamwamba pake unkadziwa kuti walakwa.

Sabata yoyamba yomwe anamukhazika pansi.

"Mwanawe, ika foni pansi, undimvere," anatero. "Kuseri kwa pulogalamu yathuyi kuli makompyuta awiri. Yoyamba timaitcha nkhokwe. M'menemo timasungamo zonse za mmisiri aliyense, ndipo zimene zili m'nkhokwe ndiye zoona. Koma nkhokwe ndi yochedwa. Ukaifunsa atelala a m'dera lakuti, iyamba kuvundukula mayina onse limodzilimodzi, munthu mpaka kutopa n'kutseka foni. N'chifukwa chake pali yachiwiri, seva ya indekisi. Imeneyi inakopera mayina, manambala ndi malo, n'kuzisanja mawu ndi mawu ngati mndandanda wa kumapeto kwa buku. Munthu akalemba m'kabokosi kaja, pulogalamu sifunsa nkhokwe ayi. Imafunsa indekisi, ndipo indekisi imayankha zomwe inakopera."

"Ndamva, bambo."

"Sunamve, chifukwa sindinamalize. Awiriwa salankhulana okha. Wonyamula uthenga pakati pawo ndi pulogalamu. Ukasintha kanthu podzera m'pulogalamu, iyo imalemba m'nkhokwe, kenako imauza indekisi kuti nayo isinthe. Koma ukalowera kuseri n'kukagwira nkhokwe ndi manja ako, indekisi simva kanthu. Izingouza anthu zakale mpaka Loweruka, tsiku lomwe timaimanganso yonse. Ndiye lamulo langa ndi limodzi: nkhokwe sugwira. Amene ankakhala pa mpando wakowo anaigwira kamodzi kokha, ndipo tsiku lomwelo ndinamuperekeza pa masitepe."

Naphuma anagwedeza mutu mwaulemu. Mawu onena za masitepewo anawasunga bwino. Enawo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

2. Thandizo losapemphedwa

Naphuma anali ndi achemwali ake, telala wa luso. Miyezi inayi m'mbuyomo achemwaliwo anathawa pa banja dzanja lamanzere lili lothyoka. Amuna awo anali munthu woseka ndi aliyense pamsewu, wonyamulira okalamba katundu, koma akangotseka chitseko cha nyumba ankasanduka wina. Mawu awo omaliza anali akuti, "Kulikonse ungapite ndidzakupeza."

Achemwaliwo anasintha nambala ya foni n'kukachita lendi kachipinda kutsidya lina la tawuni, kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Makina awo osokera anawaika pawindo. Odziwa malowo anali atatu okha: iwo eni, amayi awo ndi Naphuma.

Koma telala wobisala sapeza makasitomala. Lamlungu lina Naphuma anakawapeza atangokhala pa makina, manja ali pamiyendo, opanda ngakhale siketi yoti apinde. Chisoni chinamugwira. Lolemba m'mawa, osafunsa munthu, anawalowetsa m'pulogalamu. Analemba dzina lawo loyamba ndi dzina la bambo awo, nambala yatsopano ija, ndi malo: kuseri kwa matayala, chitseko chobiriwira.

Ankati adzawauza makasitomala akachuluka, kuti asekere limodzi.

Patapita sabata ziwiri, Lachiwiri masana, foni yake inalira.

"Iwe, wandichita chiyani?" Anali achemwali ake. "Pabwera mayi wina ndi diresi, akuti wandipeza pa intaneti. Wandionetsa pa foni yake. Mpaka chitseko chobiriwira! Ndi iwe, eti?"

"Achemwali, ine ndimafuna ndikuthandizeni..."

"Kundithandiza? Amayi angoimba kumene. Alamu ako anafika kunyumba kwa amayiko m'mawa uno. Akuti wina wawauza kuti anandiona pa foni. Sakudziwa kuti ndi pati, koma akufufuza. Umawadziwa alamu ako, sagona akafuna chinthu. Chotsa, mng'ono wanga. Lero lomwe. Ndagwira mwendo wako."

Naphuma anakumbukira dzanja lija, momwe linalendewera tsiku lomwe anapita nawo kuchipatala.

"Ndichotsa pompano," anatero.

3. Khomo la kuseri

Tsoka lake a Magalasi anali ataitanidwa ku msonkhano, ndipo ananena kuti abwera mawa. Naphuma anawaimbira kawiri, koma foni inali yozimitsa. Anzake awiri a mu ofesiyo anali atapita kukajambula zithunzi za amisiri. Anatsala yekha ndi kafani kozungulira pakona.

Pamenepo ndi pomwe anaona kuti a Magalasi, pothamangira msonkhano, anasiya kompyuta yawo yosatseka. Pa sikirini panali windo lakuda lolembamo malamulo opita ku nkhokwe, kachizindikiro kakuphethira, kudikira woti alembe.

Anayang'ana kukhomo. Anayang'ana masitepe. Kenako anakhala pa mpando wa a Magalasi.

Anali atawaonapo akulemba malamulo m'windo limeneli, ndipo paja mutu unalipo. Anapeza nambala ya mzere wa achemwali ake, n'kulemba lamulo lochotsa. Anadina batani, ndipo kompyuta inayankha kuti mzere umodzi wachotsedwa.

Anathamangira pa desiki yake n'kutsegula tsamba la achemwali ake m'pulogalamu. Panalembedwa kuti, "Tsamba ili palibe."

Mtima utakhala pansi, anaimbira foni achemwali ake.

"Zatheka, achemwali. Ndafufuta zonse. Mtima ukhale m'malo."

"Ukunena zoona?"

"Ndaona ndi maso angawa. Palibe chatsala."

Kabokosi kofufuzira kanali pomwepo, pamwamba pa sikirini. Kulembamo dzina inali ntchito ya masekondi asanu. Koma Naphuma ndi Naphuma. Anatseka kompyuta n'kupita kwawo.

4. Mndandanda wa m'mawa

M'mawa uliwonse Naphuma ankalandira mndandanda wa mawu omwe anthu afufuza kuyambira dzulo mpaka 8 koloko ya tsikulo. Ankauwerenga kuti aone amisiri omwe anthu akuwafuna koma sakuwapeza. Pambali pa mawu alionse pankalembedwa nthawi ndi chiwerengero cha zopezeka.

Lachitatu limenelo anawerenga monga mwa masiku onse. Wokonza filiji. Wowotcherera zitsulo. Kalipentala wa mabedi. Kenako chala chake chinaima.

Wina anali atalemba dzina loyamba la achemwali ake pamodzi ndi dzina la amuna awo. Zopezeka: palibe. Patapita mphindi imodzi analembanso, kusintha chilembo chimodzi. Palibe. Kenako analemba dzina lomwe alamu okha ankawatchula nalo panyumba. Palibe. Munthuyo anayesa kasanu ndi kawiri, ndipo komaliza kanali m'mawa womwewo, 8 koloko itatsala pang'ono.

Alamu anali ataipeza pulogalamu. Chomwe anali asanayese chinali dzina la bambo awo a mkazi wawo.

"Ayese, sapeza kanthu," Naphuma anadzilankhulira. Koma dzanja linapita lokha pa kabokosi kaja. Analemba dzina la achemwali ake monga momwe analilembetsera.

Zopezeka: chimodzi.

Zonse zinalipo. Dzina, nambala yatsopano, kuseri kwa matayala, chitseko chobiriwira. Sizinkafuna n'kutsegula tsamba komwe, zinkaoneka pamndandanda pomwepo. Mawu a a Magalasi aja, omwe anatulukira khutu lina, anabwerera onse nthawi imodzi. Nkhokwe inali itaiwala, koma indekisi sinamve kanthu. Ndipo Loweruka linali kutali, masiku atatu.

Naphuma sanachedwe. Anatsegula pulogalamu kuti asinthe malowo, alembe abodza. Pulogalamu inafunsa nkhokwe, nkhokwe inati munthu ameneyu kulibe, ndipo pulogalamu inakana. Anayesa katatu. Iye mwini anali atadula njira yokhayo yomwe akanatha kudzera.

Wotha kulankhula ndi indekisi mwachindunji anali mmodzi yekha, ndipo nthawi yomweyo anamveka akukwera masitepe, akuimba kamluzu.

"Mwadzuka bwanji nonse?" anatero a Magalasi. "Naphuma, bwanji lero sunayankhe ndisanamalize? Wadwala?"

"Ayi, bambo. Ndadzuka bwino."

Inali hafu pasiti eyiti.

5. Maola atatu

Naphuma ankadziwa choyenera kuchita. Desiki ya a Magalasi inali pafupi, mapazi asanu okha. Koma kuti awauze za indekisi, ankayenera kuwauza za nkhokwe. Ndipo akawauza za nkhokwe, kutsogolo kwake kunali masitepe. Ntchitoyi inali yoyamba pa moyo wake. Amayi ake anali atauza msewu wonse kuti mwana wawo amagwira za makompyuta.

Anatenga foni kuti achenjeze achemwali ake. Analemba kuti, "Achemwali, chokanipo kaye," n'kufufuta. Akanawauza chiyani, iye amene dzulo lomweli anati waona ndi maso ake? Ali m'kati moganiza, uthenga unalowa kuchokera kwa achemwaliwo.

"Zikomo mng'ono wanga. Dzulo ndinakukalipira, undikhululukire. Lero ndatsegula windo, ndikusoka."

Anaika foni chafufumimba pa desiki.

Anadzinamiza kuti alamu atopa, asiya. Anadzinamiza kuti dzina la apongozi awo saliganizira. Mndandanda wotsatira unali wa mawa, choncho analibe njira yodziwira zomwe zikuchitika m'kabokosimo. Analowetsa amisiri atatu, onse molakwitsa. Tiyi anamubweretsera, ndipo kwa nthawi yoyamba anazizira m'kapu. Aliyense akamakwera masitepe iye ankacheukira kukhomo.

Mnzake wa desiki yoyandikana anamugwedeza phewa. "Iwe, nkhope yagwa chonchi bwanji? Wakukana ndani?"

Naphuma anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Itakwana hafu pasiti leveni anatembenuza foni n'kuwerenganso uthenga uja. Lero ndatsegula windo. Anaona m'maganizo windo lija, makina ali pomwepo, ndi kanjira kochokera ku matayala komwe munthu angabwerere osaoneka. Anaimirira. Anapita pa desiki ya a Magalasi.

"Bambo, ndalakwa. Dzulo ndinakhala pa mpando wanu. Ndinagwira nkhokwe."

A Magalasi anamuyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Nena zonse. Mwachangu."

Ananena zonse, za dzanja lothyoka, za chitseko chobiriwira, za mndandanda wa m'mawa. Asanamalize n'komwe, a Magalasi anali atatembenukira kale ku kompyuta.

"Nambala ya mzere?"

Anawauza. Zala zawo zinayamba kuthamanga, ndipo ankalankhula maso ali pa sikirini.

"Mwanawe, walakwa katatu, ndipo ndikuuza zonse kuti usadzati sunauzidwe. Koyamba, unalemba malo a munthu osamupempha. Malo okhala munthu ndi ake, ngakhale akhale mbale wako wa bere limodzi. Chifundo chako sichikupatsa chilolezo. Kachiwiri, unalowera kuseri pamene khomo linali lotsegula. Iwe umaloledwa kukonza zolakwika. Ukanangofufuta malo ndi nambala podzera m'pulogalamu, indekisi ikanamva nthawi yomweyo, ine n'kudzamaliza lero. Lamulo lija sindinaliike kuti ndizioneka wamkulu. Ndinaliika chifukwa makompyutawa samva chisoni, amangochita zomwe auzidwa, ndipo amene sanauzidwe amapitiriza zakale. Kachitatu, ndipo uku ndiye kukundiwawa, ndalowa muno ndikuimba mluzu iwe ukudziwa. Unandiopa ine kuposa munthu wothyola anthu manja? Ine ndikanakukalipira, mwina kukuchotsa ntchito. Ntchito imapezeka ina. Nanga mchemwali wako umupezanso kuti?"

Anadina batani komaliza.

"Fufuza."

Naphuma analemba dzina lija m'kabokosi. Zopezeka: palibe. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale mphindi ziwiri.

Misozi inatsika yokha. "Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri."

"Usathokoze msanga. Wawaimbira kuti achokepo?"

"Ayi, bambo," anatero Naphuma, ataweramitsa mutu.

6. Zopezeka

A Magalasi anabwereranso ku kompyuta. Anatsegula windo lina, momwe seva ya indekisi imalemba funso lililonse nthawi yomwe lafika. Mizere inkayenda ngati nyerere. Anaiimitsa n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, chala chili pa sikirini.

Leveni koloko, palibe. Teni koloko, palibe. Naphuma anayamba kupuma bwino.

Chala chija chinaima.

Unali mzere wa 9:15. Dzina loyamba la achemwali ake, ndi dzina la bambo awo, zilembo zonse zolondola. Zopezeka: chimodzi. Pansi pake munthuyo sanafufuzenso kanthu.

Naphuma anayang'ana wotchi ya pakhoma. Pamene alamu ankapeza dzinalo, iye anali atakhala pa desiki yake kwa mphindi makumi anayi ndi zisanu, akudziwa zonse, a Magalasi ali pomwepo. Kuchokera kwa alamu kukafika ku matayala unali ulendo wa ola limodzi pa minibasi. Tsopano panali patapita maola awiri ndi theka.

"Za ntchito yako tidzakamba tsiku lina," anatero a Magalasi, akuimirira. Anatenga makiyi a galimoto, n'kuuza mnzake wa Naphuma uja kuti aimbire apolisi ndi kuwafotokozera malowo. "Iwe Naphuma, aimbire achemwali ako. Tiziyenda ukuimba."

Naphuma anatsika masitepe awiriawiri, foni ili kukhutu. Inalira koyamba. Inalira kachiwiri. Naphuma ankapemphera kuti amve phokoso la makina osokera, ndi mawu a achemwali ake akudandaula kuti wawadula ntchito. Inalira kachisanu ali pakhomo la sitolo ya utoto.

Kenako wina anayankha. Kumbuyo kunalibe phokoso la makina.

"Achemwali! Chokanipo msanga, alamu..."

"Mlamu wanga!" Anali mawu a mwamuna, ofatsa, osekerera, omwe aja a pamsewu. "Kusowa chonchi bwanji? Ndiye ndiwe unalemba za chitseko chobiriwira? Wandithandiza kwambiri, ndinatsala pang'ono kusochera. Achemwali akowa ali pompano, tikucheza."

"Apatseni foni," anatero Naphuma. "Alamu, chonde, apatseni foni ndimve mawu awo."

Kumbali inayo kunamveka windo likutsekedwa, ndipo foni inaduka.